Poizoni wa mgodi amayamba ndi chiswe, amathera m'mbale

Pa 18 February 2025, damu losungiramo matope a asidi pa mgodi wa kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi, m'chigawo cha Copperbelt, lidagumuka. Malinga ndi chiwerengero chomwe chidalengezedwa poyamba, malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi osakanikirana ndi zitsulo adakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi n'kukathira mu Kafue, mtsinje omwe anthu mamiliyoni ambiri a m'dziko la Zambia amadalira. Nsomba zidayandama, minda ya m'mbali mwa mtsinje idapserera, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipopi. Boma lidachita kutumiza ndege za asilikali kukawaza laimu mumtsinjemo kuti asidiyo achepe mphamvu.

Zonsezi zidajambulidwa, zidaulutsidwa, anthu adagwira pakamwa. Nsomba yakufa imaoneka komanso imanunkha, choncho sivuta kuilirira. Koma paliponse pomwe matope otere adutsa pamakhalanso maliro ena opanda wolira, a tizilombo tokhala pansi pa masamba ouma ndi m'dothi lapamwamba: chiswe, nyongolotsi, abongololo, nyerere, nkhono ndi tina tosaoneka ndi maso. Nkhani ya tizilomboti siyenera kusiyidwa kwa aphunzitsi a sayansi okha, chifukwa ikukhudza ndiwo, thumba ndi ubongo wa ana.

Munthu akalowa m'nkhalango ya miombo mwezi wa August, amaponda masamba ouma okhaokha. Akadzabwerera pamalo omwewo mvula itakhazikika, masamba ambiri aja sawapezanso, ngakhale pomwe sipadadutse moto. Palibe adasesa. Chiswe chidakokera ena kuchulu, abongololo ndi nkhono adatafuna ena n'kuwasiya tizidutswa, nyongolotsi zidakokera tizidutswato pansi n'kutisakaniza ndi dothi, ndipo nkhungu za m'nthaka zidamaliza ntchitoyo. Chakudya chomwe mtengo udataya ndi tsamba chimabwerera kumizu mwa njira imeneyi.

Nthaka ya miombo njosauka, alimi omwe adatsegulapo munda pamalo otere akudziwa kuti pakatha zaka zochepa imafuna feteleza. Chomwe chimaimika mitengo ya mombo, mtondo ndi msuku pa nthaka yosauka chonchi ndi manyowa omwe nkhalango imadzipangira yokha chaka ndi chaka. Tinjira ta chiswe ndi nyongolotsi ndi tomwenso timalowetsa madzi a mvula pansi m'malo moti athamange pamwamba n'kukumba zigwembe. N'zoona kuti chiswe chili ndi mbiri yoipa pakhomo, chimadya mitanda ya nyumba ndi kugwetsa chimanga, koma m'nkhalango ndi wantchito wamkulu wosalandira malipiro. Mpake alimi ena amakumba dothi la pachulu n'kukamwaza m'munda.

Palinso ubale wina womwe maso saona. Mitengo yambiri ya miombo imakhala ndi nkhungu zomata kumizu yake, zomwe zimaithandiza kuyamwa madzi ndi chakudya, iyo n'kumazipatsa shuga. Bowa wa manyame ndi ndelema amene amayi amazula mvula ikagwa ndi zipatso za nkhungu zimenezi, n'chifukwa chake samera m'munda wa chimanga kapena pansi pa bulugamu wamba. Utale nawo ndi mbewu ya chiswe: chiswe chimalima nkhungu yake m'kati mwa chulu pa masamba ndi timitengo tomwe chatuta kunja, ndipo bowa wamkulu uja amatumphuka kuchokera m'munda wa pansi umenewo.

Tsono mgodi umalowa bwanji m'nkhaniyi? Mwala wa mgodi sukhala ndi chitsulo chimodzi. Pofuna kopa, mtovu, zinki kapena golide, okumba amatulutsanso zitsulo zina monga kadimiyamu ndi aseniki, zomwe zidagona pansi zaka mamiliyoni osavutitsa munthu. Zikafika kumtunda zimamwazika ndi utsi wa ng'anjo zosungunulira miyala, ndi fumbi lomwe mphepo imanyamula pamilu ya zotsalira, komanso ndi madzi. Miyala yambiri ya kopa ndi ya malasha ili ndi salifa, ndipo ikaphwanyidwa n'kusiyidwa pamphepo ndi pamvula imatulutsa asidi amene amasungunula zitsulozo n'kuyenda nazo. Izi zimatha kupitirira ngakhale mgodi utatsekedwa kalekale.

Vuto lake n'lakuti masamba owola ndi dothi lakuda lapamwamba zimagwira zitsulozi ngati chinkhupule. Fumbi logwera pamitengo nalo limatsika ndi tsamba likamayoyoka. Mapeto ake poizoni amaunjikana pamalo enieni omwe tizilombo tija timadyera ndi kuswanirana. Ndipo chitsulo sichiwola. Mankhwala ambiri a m'munda amatha mphamvu pakapita nyengo, koma mtovu womwe wagwa lero udzapezeka pomwepo zidzukulu zikamadzalima.

Mlimi wa tomato kapena khofi sangavutike kumvetsa zomwe zimachitika kenako. Iye amagula mankhwala a kopa n'kupopera mbewu zake chifukwa kopa amapha nkhungu zoyambitsa chiwawu. Kopa yemweyo akachuluka pansi pa nkhalango sasankha kuti iyi ndi nkhungu yoipa, iyi ndi yabwino. Nyongolotsi nazo zimavutika msanga chifukwa khungu lake n'lofewa ndi lonyowa, ndipo zimameza dothi lenilenilo. Zina zimafa, zambiri zimangoleka kuswana, zomwe m'zaka zochepa zimafanana ndi kufa komwe.

Umboni wooneka bwino wa zimenezi udachokera kumaiko a ku Ulaya, komwe akatswiri adakhala zaka zambiri akuyeza nkhalango zoyandikana ndi ng'anjo. Ku Avonmouth, pafupi ndi mzinda wa Bristol ku England, kudali ng'anjo yaikulu ya zinki ndi mtovu yomwe idatsekedwa mu 2003. M'nkhalango ya Hallen Wood, makilomita ochepa kuchokera pang'anjopo, mitengo idali chiimire ndipo wodutsa pamsewu sakadaona cholakwika. Koma pansi pake masamba adaunjikana mulu wochindikala, a chaka chino pamwamba pa a chaka chatha, osawola, kaamba kakuti nyongolotsi ndi abongololo zidali zitachepa kwambiri. Chakudya cha mitengo chidatsekeredwa m'masamba akufawo ngati ndalama zokwiriridwa m'nkhali.

Ku Harjavalta m'dziko la Finland, komwe kuli ng'anjo ya kopa ndi nikelo, nkhaniyi idakwera m'mwamba. Akatswiri a yunivesite ya Turku adapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti timbalame tina todya tizilombo, tomanga zisa pafupi ndi ng'anjoyo, tinkaikira mazira a chikamba chopyapyala, ndipo anapiye ena ankakula ndi miyendo yopunduka. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti nkhono zazing'ono, zomwe mbalamezo zimadya kuti zipeze kashiamu wolimbitsa dzira ndi mafupa, zidasowa m'nkhalangomo. Utsi utachepetsedwa mbalame zidayamba kupezako bwino, koma zitsulo za m'dothi zidatsalira.

Si tizilombo tonse timafa, ndipo apa ndi pomwe anthu amapusitsika. Mitundu ina ya nyerere, akangaude ndi tizikumbu imapirira, ina imachuluka kumene chifukwa opikisana nawo atha. Munthu akhoza kufukula masamba, n'kuona tinthu tikuyendayenda, n'kunena kuti zonse zili bwino. Koma topirirato nthawi zambiri timasunga chitsulocho m'thupi, ndiye chule, buluzi, nkhwali, nkhanga kapena ngaka zikatidya zimalandira katunduyo.

Ku Copperbelt zizindikiro zoterezi n'zakale. Ngakhale migodi isadayambe, m'chigawochi ndi kutsidya ku Katanga m'dziko la Congo mudali malo omwe mitengo siimera chifukwa mwala wa kopa uli pafupi ndi kumtunda. Pamamera udzu ndi timaluwa topirira, ndipo ofufuza miyala ankatsata duwa lina lotere kuti adziwe pokumba. Chilengedwe chidaonetsa chokha kuti nkhalango ya miombo ndi kopa wochuluka sizigonera limodzi. Chomwe migodi idachita ndi kutenga zomwe zidali pamalo ochepa n'kuzimwaza pamalo aakulu. Ku Kankoyo, dera loyandikana ndi ng'anjo ya ku Mufulira, anthu adakhala zaka makumimakumi akupuma utsi wa salifa womwe adaupatsa dzina loti senta, ndipo nthaka yake idawawa moti ndiwo zamasamba zinkakanika pakhomo.

Chiswe chili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa. Pofuna madzi ndi dothi lomangira, chimatsika pansi kwambiri n'kukweza timiyala kumtunda. Akatswiri a miyala amadziwa zimenezi, amatapa dothi la pachulu n'kukaliyeza kuti aone zomwe zili pansi, ndipo mgodi wotchuka wa diamondi wa Jwaneng ku Botswana udapezeka m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi timiyala tomwe chiswe chidakweza mumchenga. Ndiye kuti makampani amachikumbukira chiswe pofuna chuma. Akachipeza chumacho, chiswe chimaiwalika.

Pamenepa ndi pomwe nkhani ya m'nkhalango imalowa m'khichini. Ngumbi ndi ana a chiswe chomwecho. Mphalabungu ndi matondo, zomwe ku Zambia amati vinkubala, zimakula ndi masamba a mitengo ya miombo kenako zina zimatsikira m'dothi kukagona zisadasanduke agulugufe. Kafukufuku yemwe akatswiri a pa Copperbelt University ndi anzawo adatulutsa mu 2023 adatsata zitsulo za poizoni kuchokera m'nthaka, kulowa m'masamba, mpaka m'matupi a tizilombo todyedwa totoledwa m'maboma a migodi m'chigawocho. Bowa naye amadziwika padziko lonse kuti amayamwa zitsulo monga kadimiyamu ndi mekyule kuposa mbewu zambiri.

Kukazinga sikuchotsa chitsulo. Kufutsa, kuyanika, kuthira mchere kapena chidulo, zonsezi sizichotsa. Bowa wakupha amadziwika ndi agogo, ndipo wodya amaona zotsatira zake usiku womwewo, pomwe bowa wabwinobwino wozulidwa pa nthaka ya mtovu amaoneka bwino, amakoma bwino, ndipo palibe amadwala tsiku limenelo. Kadimiyamu amaunjikana pang'onopang'ono n'kuwononga impso ndi mafupa. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanenetsa kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ungatchedwe wosavulaza. Pali chinanso chomwe anthu sakonda kuchikamba poyera: amayi ambiri oyembekezera amadya dothi la chiswe, lina logulidwa pamsika, ndipo wogula safunsa kuti lidakumbidwa kuti.

Wofuna kudziwa kutalika kwa moyo wa poizoniyu apite ku Kabwe. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa m'tauniyi, womwe kale unkatchedwa Broken Hill, udayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo udatsekedwa mu 1994. Padutsa zaka zoposa 30, koma fumbi la pamulu wa zotsalira lidakalipo m'madera monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo ana ambiri oyezedwa kumeneko akhala akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Ana amenewa adabadwa mgodi utatsekedwa kale. Malipiro a mgodiwo sadawaone, koma mtovu wake adaulandira.

Izi sizikutanthauza kuti mabanja aleke kudya ngumbi ndi bowa. Kutero kungakhale kutaya ndiwo yabwino, yopatsa thanzi ndi yotsika mtengo chifukwa cha mantha. Ngumbi za pamsika wa Mitundu, Jenda kapena Lunzu zochokera kutali ndi mgodi uliwonse sizikukhudzidwa ndi nkhaniyi. Ndipo kunena chilungamo, chomwe chikupha nkhalango za m'dziko muno pakadali pano ndi makala, moto wolusa ndi nkhwangwa, osati zitsulo. Dziko la Malawi silidakhalepo ndi ng'anjo zazikulu ngati za ku Copperbelt.

Koma mphepo ikusintha. Masomphenya a Malawi 2063 adaika migodi pakati pa ntchito zoti zitukule dziko. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe udatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, udayambanso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Ntchito zokonzekera migodi zili pamagawo osiyanasiyana ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kanyika ku Mzimba. Malasha akukumbidwa kale ku Rumphi ndi Karonga. Miyala ya malo amenewa njosiyanasiyana ndipo kungakhale kunama kunena kuti paliponse padzasanduka Kabwe. Chofanana pa migodi yonse n'chakuti imasiya milu ya zotsalira, fumbi ndi madamu a matope, ndipo zimenezi zimatsala kampani ikanyamuka.

Oiwalika kwambiri ndi okumba golide a makasu ndi mabeseni, monga omwe adakhamukira ku Makanjira m'boma la Mangochi ndi m'mitsinje ina ya ku Neno, Kasungu ndi Nkhotakota. Ku Tanzania, Zimbabwe ndi Mozambique okumba otere ambiri amagwiritsa ntchito mekyule pokola golide, kenako amamuwotcha kuti golideyo atsale. Nthunzi yake imakakamira pamasamba a mitengo n'kudzagwera pansi limodzi ndi masambawo. Luso lotere silifuna pasipoti podutsa malire, ndipo likakhazikika m'nkhalango zotetezedwa palibe kampani yoti boma lidzaigwire pakhosi.

Malamulo alipo. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito ngati mgodi iyambe yaunikidwa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo lidakhazikitsa bungwe la Mepa kuti liziyang'anira. Mu 2023 kudabweranso lamulo latsopano la migodi. Chodetsa nkhawa ndi zomwe zimalowa ndi zomwe zimatsala kunja kwa malipoti a kauniwuniyu. N'chapafupi kuwerenga mitengo, nyumba, manda, zitsime ndi nyama zikuluzikulu. Kuwerenga nyongolotsi m'dothi, kuyeza chitsulo m'ngumbi, m'bowa ndi m'dothi la pachulu ndi ntchito yotopetsa yomwe palibe nduna ingadzadulire riboni, choncho njosavuta kuidumpha.

Kuidumpha kumeneku kumadzalipiritsa wosauka. Anthu a m'midzi yozungulira Chingola ku Zambia, omwe ankadandaula kuti mgodi wa Nchanga wa kampani ya Konkola Copper Mines udawononga madzi ndi minda yawo, adachita kukafika kukhoti lalikulu la ku London, lomwe mu 2019 lidawalola kuzenga mlandu kampani ya Vedanta ku England, ndipo nkhaniyo idatha ndi kugwirizana kunja kwa khoti mu 2021 kampaniyo osavomera kulakwa. Ngati kudandaula za mtsinje ndi chimanga, zinthu zooneka, kudatenga zaka ndi maloya a kunja, nanga mayi amene amaimika galimoto pamsewu ndi beseni la manyame kuti apeze fizi ya mwana adzayambira pati? Alibe lisiti. Akadzati bowa adasiya kumera, adzayankhidwa kuti ndi kusintha kwa nyengo kapena ndi makala a mwamuna wake, ndipo popanda muyezo wakale palibe adzathe kutsutsa yankho limenelo. Chipukutamisozi chimawerenga mizere ya chimanga ndi mitengo ya mango, koma chulu chomwe banja lakhala likutcherapo ngumbi kuyambira nthawi ya agogo sichilembedwa paliponse.

N'chifukwa chake Malawi ali ndi mwayi womwe Zambia idalibe: migodi yambiri siidayambe, ndiye muyezo wa momwe nthaka ilili lero ungathe kutengedwa. Akuluakulu adati ndevu za mnzako zikamapsa mzimire, ndipo wanzeru amayang'ananso komwe motowo udayambira. Bungwe la Mepa lisavomere lipoti la mgodi lomwe silikunena kuchuluka kwa zitsulo m'dothi lapamwamba, m'masamba ogwa, m'chiswe, m'bowa ndi m'tizilombo todyedwa, kuyambira pampanda wa mgodi mpaka makilomita angapo kumbali yomwe mphepo ndi madzi zimalowera. Miyezo yomweyo izibwerezedwa chaka ndi chaka pamalo omwewo.

Oyeza asakhale olembedwa ndi kampani okha. Dziko lino lili ndi akatswiri ku Unima, Luanar, Must, Mubas ndi Mzuni, lili ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya Frim ku Zomba komanso bungwe loona za miyezo la MBS. Kampani ilipire, koma dothi lina lipite kwa amenewa ndipo zotsatira zake zikhomedwe kwa DC, kwa mfumu yaikulu ndi pachipatala cha m'deralo, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chinkhonde, osati kutsekeredwa m'buku lachingerezi la masamba mazanamazana ku Lilongwe. Ndalama zodzakonzera malo mgodi ukadzatha ziikidwe padera khasu loyamba lisadalowe pansi, chifukwa kampani ikagwa kapena kugulitsidwa kawiri katatu, mwini wake wa mulu wa zotsalira sapezeka. Ndipo kukonza malo kusamatanthauze kudzala mizere ya bulugamu pamulu n'kujambulitsa. Mtengo wobiriwira pa dothi lopanda chiswe ndi nyongolotsi suli nkhalango, ndipo manyame sadzamerapo.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi nawonso ali ndi gawo lomwe silifuna digiri. Amayi ozula bowa ndi anyamata otchera ngumbi amadziwa chulu chilichonse ndi mtengo uliwonse womwe matondo amagwera. Zimenezi zilembedwe m'kaundula wa mudzi, ndi mayina a malo, mitengo yake pamsika ndi miyezi yake, ndipo pamsonkhano wokambirana za mgodi kaundulayo aperekedwe kuti alowe m'lipoti.

Nthawi yoyezera nayo njofunika kuiyang'anitsitsa. Alangizi olembedwa ntchito yotere amakonda kuyenda mwezi wa September kapena October, misewu ili youma ndipo galimoto ikufika paliponse. Imeneyo ndi nthawi yomwe nyongolotsi zathawira pansi, nkhono zadzitsekera, bowa kulibe ndipo moto wadutsa kale. Lipoti lolembedwa nyengo imeneyo lidzati pamalopo padalibe kanthu chiyambire, ndipo kampani idzaligwiritsa ntchito zaka 20 zikubwerazo. Mepa ilamule kuti gawo ili la kauniwuni lizichitika pakati pa December ndi March, ngumbi zikutuluka ndi bowa ali pamsika, ngakhale zitatanthauza kuti alangiziwo asiye galimoto kutsidya kwa mtsinje n'kuyenda pansi.